Mabuku Awiri a Lapukeni

Nkhaniyi ndinaimva Lachiwiri pa 9 Julaye, ndipo anandiuza ndi mwiniwake, Dorofe, titakhala pa matumba athu kuchigayo kudikira magetsi. Ndikuinena monga anandiuzira.

"Wathira mchere ndani m'nyembamu?"

Ofunsawo anali aNangondo, apongozi ake a Dorofe, ataima pakhomo la khitchini mbale ili m'manja.

"Ndine, amayi. Nanga athire ndani, wophika ndili ine?"

"Ndiwe eti." Anakhuthulira nyemba zonse pansi, nkhuku n'kuthamangira. "Ndiye uzidabwa kuti mwana wanga akutsokomola chiyani?"

M'nyumba, Lapukeni mwamuna wa Dorofe anatsokomolanso. Linali tsiku lachinayi. Thupi linali moto, koma ankanjenjemera dzuwa lili paliwombo, ndipo akati apume ankagwira nthiti za kumanja ngati wina wamulasa. Makhololo ake anali ofiirira ngati dzimbiri.

"Amayi, chimenechi ndi chibayo. Tipite nawo kuchipatala."

"Udokotala unaphunzira liti iwe? Ine ndabereka ana asanu ndi awiri, atatu ndinaika. Tsempho ndimalidziwa. Mwamuna akayamba chifuwa chotere osafunsa mphepo ayi, umafunsa mkazi kumene wayenda. Kuyenda kwinako, kubwera kudzathira mchere m'ndiwo za mwini nyumba, basi wamudula."

"Ndayenda kuti ine?"

"Ukufunsa ine? Miyendo ndi yako."

Dorofe analowa m'nyumba n'kugwada pafupi ndi mphasa.

"Bambo a Tiyese, mwamva zimene akunena amayi anu?"

"Asiye. Ndi ukalamba umenewo."

"Ukalamba pa dzina langa? Chabwino, musawauze kanthu. Koma mawa tipite kuchipatala ndi buku lenileni."

"Tsitsa mawu, iwe."

Mabuku a kuchipatala Lapukeni anali nawo awiri, Dorofenso awiri. Enieni, olembedwa nambala ya ma ARV, ankakhala pansi penipeni pa sutikesi. Enawo, olembedwa malungo ndi dzino basi, ndi amene ankapita nawo pachipatala cha pamsika, pomwe osesa, alonda ndi odikira pabenchi onse ndi anthu odziwana nawo. Mankhwala ankakatengera kutali, minibasi ziwiri, ndipo pamudzi ankati akukapikula kaunjika. Dorofe ankapitabe miyezi itatu iliyonse. Lapukeni analeka mu Novembala, atangosankhidwa kukhala mkulu wa mpingo, chifukwa pabenchi ya kutaliko anaona munthu wofanana ndi wa kwaya yawo. Analeka zonse, ndi bakitirimu yemwe.

"Miyezi isanu ndi iwiri osamwa kanthu," anatero Dorofe. "Anatiuza kuja kuti ukaleka, chifuwa chimayamba ndi iwe."

"Unalumbira, Dorofe. Unagwira Baibulo. Unati ukadzauza m'bale wanga kapena wa mpingo, Tiyese udzamuike m'manda. Wayiwala?"

"Sindinayiwale."

"Ndiye tenga buku loyeralo."

M'mawa mwake anamukweza pa kabaza. ANangondo anati nawonso apita, kuti akamve okha. Dorofe anatenga buku loyera m'manja, koma lenileni analipisa m'chiuno mkati mwa chitenje.

Adokotala anali bambo wamfupi wa magalasi. Anaika chomvera pamsana pa Lapukeni, anagogoda nthiti ndi zala, anawerenga kapumidwe akuyang'ana wotchi.

"Mbali ya kumanjayi mukumveka ngati munthu akuponda masamba ouma. Chibayo ichi. Koma pali zoti ndifunse. Agogo, tatulukani pang'ono ndilankhule ndi odwala."

"Ndituluke ine? Ameneyu ndinabereka ndine, ndinamusambitsa inu musanabadwe. Funsani."

Adokotala anayang'ana Lapukeni. "Atsale?"

"Atsale," anatero Lapukeni.

"Magazi munayezetsapo? Za kachilombo?"

"Chaka chatha. Ndili bwinobwino."

"M'bukumu mulibe."

"Kunali kumsonkhano wa mpingo. Analemba pa kapepala, kanatayika."

"Tiyezenso lero. Sizichedwa."

"Mukumuyesa chiyani mwana wanga?" analowerera aNangondo. "Mkulu wa mpingo uyu. Ngati muli ndi masingano otsala, yezani enawa." Analoza Dorofe ndi mlomo.

Adokotala anavula magalasi. "Sindikufunsa kuti ndinyoze munthu. Chifuwa n'chimodzi, koma njira zake ziwiri. Munthu amene chitetezo chake chili bwino ndimamupatsa makapisozi, akamwere kunyumba. Amene chitetezo chatsika sindimamubweza ayi. Tizilombo ta chibayo timamulowa m'magazi msanga. Ameneyo ndimamutumiza lero lomwe kuchipatala chachikulu, akamujambule pachifuwa, amutenge magazi, ayambe jakisoni. Ndiye mundiuze zoona, ndisakuponyeni njira yolakwika."

Anatembenukira kwa Dorofe.

"Mayi, inu muli ndi mawu?"

Buku lija linkamukanda Dorofe m'chiuno. Anayang'ana mwamuna wake, mwamunayo n'kumuyang'ananso osaphethira. Anaganiza za Tiyese, wa zaka zitatu, amene anamusiya kwa aneba akudya mbatata.

"Ndilibe," anatero.

"Kukakamiza munthu sindingathe," anatero adokotala. Analemba makapisozi a masiku asanu ndi awiri, n'kupereka kabotolo. "Alavulire makhololo umu, tiyeze TB. Lachisanu mubwere nawo odwalawa, ndidzawamvenso. Kupuma kukavuta musadikire Lachisanu."

Makapisozi anamwa masiku awiri, thupi n'kuzizirako pang'ono. Lachisanu aNangondo anati wodwala asavutike ndi kabaza, akatenga okha zotsatira. Anabwera masana akukupiza kapepala m'mwamba, akulankhula kuyambira kumsewu kuti aneba amve.

"Palibe! Makina a azungu ayang'ana, akuti palibe!"

"Palibe chiyani, amayi?" anafunsa Dorofe.

"Palibe ndi palibe."

Dorofe anatenga kapepalako. "Ndi TB imene sanaipeze. Kabotolo kaja kanali ka TB yokha. Chibayo chili pomwepo. Onani, pansipa alemba kuti odwala abwere lero ndithu."

"Abwere kudzatani poti sanapeze kanthu? Ndinanena ine. Matenda a chipatala amaoneka m'makina. Osaonekawa ndi a pakhomo, ndipo mwini wake ndi uyu waima apayu."

Tsiku lomwelo aNangondo anapita kutsidya kwa mkulu wina wa zitsamba. Anabwera ndi mizu m'jumbo, ndi lamulo lakuti mizuyo sisakanizidwa ndi mankhwala a chizungu. Makapisozi otsala anawaponya m'chimbudzi Dorofe akuona. Anamusamutsira Lapukeni m'nyumba mwawo. Anamuletsa Dorofe kuphika, kutunga madzi a wodwala, ngakhale kuponda pakhonde. Ankangomva chifuwa kudzera pakhoma, ndipo tsiku lililonse chinkamveka chakuya.

Lachitatu la sabata yotsatira kunabwera a Sikelo, amalume ake a Lapukeni. Anayala mphasa pakhonde, anamutulutsa wodwala n'kumutsamiritsa kukhoma. Dorofe atamuona anagwira pakamwa. Masaya anali atalowa, milomo yotuwa, akupuma ndi mapewa.

"Khalani apo, mayi a Tiyese," anatero a Sikelo, akuloza pansi pa dothi.

"Ankhoswe anga ali kuti, amalume? Mlandu wa banja umakambidwa mbali imodzi?"

"Ankhoswe anu ali kwanu, munthu akufa kuno. Tidikire basi ya mawa? Mizu yamwedwa masiku asanu, sikugwira. Mwini mizu wanena kuti sigwira mpaka wolakwa avomere ndi pakamwa pake, athire mchere m'mankhwalamo ndi dzanja lake. Ife sitikufuna kukumenyani. Tikufuna mawu basi."

"Palibe chimene ndachita."

"Utsi sufuka popanda moto," anatero aNangondo. "Ine ndimawerenga, achimwene. Okutobala anapita. Januwale anapita. Epulo anapita. Akuti kaunjika. Kuchoka m'mamawa atadzola mafuta, kubwera madzulo ndi timalaya titatu m'jumbo. Kaunjika wake ameneyo? Minibasi ziwiri chifukwa cha timalaya titatu?"

Aneba anali atayamba kusonkhana kumpanda. Dorofe anatembenukira kwa mwamuna wake.

"Bambo a Tiyese, inu mukudziwa kumene ndimapita. Munandituma ndinu. Ine pakamwa panga munamanga, koma panu ndi potsekula. Auzeni."

Lapukeni anatsokomola nthawi yaitali. Amayi ake anamupukuta pakamwa. Anayang'ana anthu a kumpanda aja, ena mwa iwo a mpingo wake, kenako anayang'ana pansi.

"Ine," anapuma, "sindipita naye. Kumene amapita, akudziwa yekha."

"Mwamva!" anakuwa aNangondo akuwomba m'manja. "Mwamva nokha, anthuni!"

"Bambo a Tiyese," anatero Dorofe.

"Khoswe akakhala pa mkhate sapheka," anatero a Sikelo akudzuka. "Tikanakuthamangitsani lero, koma moyo wa mwana wathu uli pakamwa panu. Kaganizeni. Akafa, mudziwe kuti maliro amenewa ndi anu."

Lachinayi Dorofe anakhala m'khitchini ndi Tiyese, osadya. Lachisanu m'mawa, apongozi atapita kumjigo, anasuzumira pawindo. Lapukeni anali akulankhula yekha, akuitana anthu amene anamwalira kale. Zikhadabo zake zinali zitada. Dorofe anapita molunjika kwa a Sikelo, anawapeza akusema mpini.

"Amalume, ndikavomera, mundilola ndipite nawo kuchipatala chachikulu lero lomwe?"

"Mukavomera mizu igwira. Chipatala n'cha chiyani?"

"Ndiye sindivomera. Afe, muwaike, mundithamangitse. Koma mukalonjeza galimoto lero, mawu amene mukuwafunawo muwamva."

A Sikelo anaika mpini pansi. "Ndiye kuti mawuwo alipo."

"Galimoto ilipo?"

"Ipezeka."

Anamugwaditsa pabwalo dzuwa likuswa mtengo. ANangondo anaitana aneba kuti pasadzakhale kukana mawa.

"Nena," anatero aNangondo.

"Ndinalakwa."

"Kweza mawu, unkanong'ona kumeneko? Unalakwa chiyani?"

"Ndinagona ndi mwamuna wina."

"Kangati?"

"Katatu."

"Ndinawerenga bwino ine. Dzina?"

Dorofe anali ataganiza kale kuti asatchule munthu wamoyo amene angamupeze ndi zikwanje. "Wogulitsa nsomba, wa ku Mozambique. Dzina sindinafunse."

Kumpanda kunabuka phwete.

"Osafunsa ndi dzina lomwe!" anatero aNangondo. "Galu amayamba wanunkhiza. Uyu ayi. Ndi chimene munatitengera ichi, achimwene, chodyera m'mbale zathu zaka zisanu."

Anamupatsa mchere m'dzanja. Anathira m'chikho cha mizu, anavundula ndi chala, anakwawa ndi mawondo mpaka pamphasa. Lapukeni anali atatsitsimukako. Anamva zonse. Anamwa osamuyang'ana kumaso.

Pikapu inabwera cha m'ma thuu. Tiyese anatsala kwa aneba. ANangondo anakhala kutsogolo, Dorofe kumbuyo atapakata mutu wa mwamuna wake. Atafika kuchipatala chachikulu, apongozi atapita kukafuna chimbudzi, Dorofe anasolola buku lenileni n'kulipereka kwa nesi.

"Ili ndiye lawo. Analeka mu Novembala. Amayi awo asamve."

Nesi anatsekula, anawerenga, anaitana anzake. Zinthu zinayamba kuthamanga. Anamuika mpweya m'mphuno, anamutenga magazi m'mabotolo angapo, mkodzo, makhololo, anamukankha pa njinga kukamujambula, jakisoni woyamba anamubaya asanafike n'kuwodi komwe.

Adokotala a kumeneko anali mayi wamtali wosaseka. Anamuitanira Dorofe pawindo n'kukweza chithunzi cha pachifuwa kudzuwa.

"Mbali yakudayi ndi mpweya, ndi mmene mapapo amayenera kuonekera. Yoyerayi, kuchokera apa mpaka apa, ndi mafinya. Anayamba liti?"

"Masabata awiri."

"Kuchipatala chaching'ono munapita?"

"Tinapita. Ndi buku lina."

Adokotala anatsitsa chithunzicho. "Buku lina. Mukudziwa kuti ndi angati agona m'wodi muno chifukwa cha buku lina? Mnzathuyo akanaona ili, jakisoni wa masiku ochepa akanakwana. Tsopano tiboola nthiti tiike paipi. Sindikulonjezani kanthu."

Anaboola tsiku lomwelo. Mafinya anadzaza botolo lalikulu. Patapita masiku atatu adokotala ananena kuti m'magazi aja mwamera tizilombo ta chibayo, TB mulibe, ndipo jakisoni amene akumubaya ndi woyenera tizilomboto. Ananenanso kuti chitetezo chatsikiratu, ndipo chibayo chotere chimakonda kubwerera munthu akalekanso mankhwala.

Dorofe ankagona pansi pa bedi. Ankataya mkodzo, kuchapa zofunda, kumutembenuza kuti paipi isapindike. Kuphika ankaphika aNangondo, kukhitchini ya odikira odwala, ndipo nkhani ankaiphikira komweko. Dorofe akamadutsa ndi beseni amayi ankagwirana zigongono.

"Ndi ameneyu. Anangovomera Lachisanu, Lolemba thupi zii. Azunguwa akungomalizitsa, ntchito inagwiridwa kunyumba."

Tsiku lina Lapukeni, ali yekha ndi mkazi wake, anamugwira dzanja.

"Dorofe, ndikatuluka muno ndikonza."

"Mukonza bwanji?"

"Ndipeza njira. Undipatse nthawi."

Dorofe anakhulupirira. Anandiuza kuti pa zonse zimene anachita, chimene amadzida nacho ndi chimenechi.

Anakhala masiku khumi ndi asanu ndi limodzi. Tsiku lotuluka, nesi wina wachilendo anabwera ndi jumbo ya mankhwala n'kuyamba kutulutsa pabedi, aNangondo ali pomwepo akumanga ziwiya. Makapisozi omalizitsa, bakitirimu, kenako botolo loyera lija limene aliyense kuno amalidziwa ndi kulira kwake komwe.

ANangondo analitola, analigwedeza pafupi ndi khutu.

"Awa si ma ARV awa?"

Nesi anazindikira kuti walakwitsa, anayang'ana Lapukeni. Dorofe anaima ndi beseni m'manja. Anaganiza kuti nthawi ija yakwana, njira yabwera yokha.

"Lapukeni, ndikufunsa iwe. Mabotolo awa ndi a ndani?"

"Ndi anga, amayi."

"Ako bwanji?"

Mawu a Lapukeni anatuluka bwinobwino, opanda chifuwa.

"Munamva nokha zimene anavomera uyu. Andiyeza muno, andipeza nako. Wa nsomba uja."

Beseni linagwa.

ANangondo anadziponya pansi, manja kumutu. "Mayo ine! Tsempho silinamukwane, wawonjeza ndi kachilombo! Wandiphera mwana hule ameneyu! Anthuni, muoneni, ndi uyu!" Anadzuka n'kumulavulira Dorofe pa bulauzi. Anesi awiri anachita kuwagwira.

Dorofe sanalire. Anangoyang'ana mwamuna wake. Mwamunayo anali akulongedza mabotolo m'jumbo, limodzilimodzi.

Lamulungu lotsatira Lapukeni anaima kutsogolo m'tchalitchi, wowonda, jekete ikumulendewera. Anathokoza Mulungu pomuchotsa m'kamwa mwa manda. Ananena poyera kuti tsopano akumwa mankhwala, kuti mtanda umenewu sanausankhe koma ausenza, ndipo wokhululuka wakhululuka kale. Amayi ena analira. Atatuluka, anthu anachita mzere kumugwira chanza. Dorofe anamva zonsezi kwa aneba, chifukwa iye anauzidwa kuti asaponde kutchalitchi mpaka akulu a mpingo adzakambe nkhani yake.

Madzulo a tsikulo a Sikelo anabwera ndi chigamulo. Dorofe achoke Lolemba. Atenge zovala zake ndi mapoto awiri amene anabwera nawo.

"Nanga mwana?" anafunsa Dorofe.

"Tenga," anatero aNangondo. "Kaya ndi wa nsomba, kaya ndi wa tomato, tidziwa bwanji ife? Mphuno imeneyo kwathu kulibe."

Tiyese anali pomwepo, atagwira chitenje cha agogo akewo. Anamuchotsa dzanja ngati akuchotsa chisoso.

Lolemba m'mawa Dorofe akuanula zovala kuseri kwa nyumba, Lapukeni anabwera akuyenda ndi ndodo. Anayang'ana uku ndi uku kaye.

"Mayi a Tiyese."

"Mwamukumbuka dzina mwanayo?"

"Usatero. Amayi amangolankhula. Ndikudziwa kuti unandipulumutsa."

"Munali nako musanandifunsire, Lapukeni. Ine ndinakadziwira kusikelo ndili ndi mimba, inu mukumwa kale mobisa. Ndinakhala. Buku lanu lija lili ndi deti, aliyense wodziwa kuwerenga angaone."

"Bukulo ndinatentha. Ndagula latsopano."

"Mwatentha."

"Tamvera. Mawu aja unanena wekha, pabwalo, anthu akumva. Ine sindinakutume. Nditati ndikane lero, akhulupirira ndani? Anena kuti ukundidyetsa mankhwala. Ndipo taona mmene zakhalira. Tsopano ndikumwa poyera, pamsika pompa, osabisala, osakwera minibasi. Si zimene unkafuna? Ukufuna ndibwerere kobisala kuja, ndikafe?"

"Ndiye njira munkanena ija ndi imeneyi."

"Mutu ukakula sulewa nkhonya, Dorofe. Pirira. Zikazizira, mwina chaka chamawa, ndidzanena kuti ndakukhululukira, udzabwerere. Anthu adzatiyamikira tonse."

"Mudzandikhululukire."

"Ndiponso lumbiro lija likadalipo. Usaiwale mwana."

Dorofe anapinda chitenje chomaliza n'kuchiika m'beseni.

"Adokotala aja ananena kuti chibayo chimabwerera. Munamva. Chikadzabwera, amayi anu adzafunanso wina wogwada pabwalo. Muyambiretu kumufuna, chifukwa ine ndagwada kokwana."

Lapukeni anatsekula pakamwa, koma aNangondo anaitana kuchokera kutsogolo kuti phala lazizira, ndipo anapita.

Atafika apa Dorofe anayamba kutola tinyerere pa thumba lake. Ndinamufunsa kuti ndiye anatani.

"Ndinabereka mwana, katundu pamutu," anatero. "Za iwo sindinauze munthu wa kumeneko, ndinalumbira pa mwana wanga, ndipo mwana ndi amene ndatsala naye. Koma za ine sindinalumbire. Pamsewu ndinakumana ndi amayi a kwaya anayi, akuchokera kokathira maluwa kutchalitchi. Anaima kuti andione bwino. Mmodzi anati, ulendo wa kuti, kwa wa nsomba? Ndinatula katundu. Ndinati ayi, ndikupita kwathu, koma ndiyamba ndadzera kuchipatala kumene ndakhala ndikutenga ma ARV zaka zinayi, miyezi itatu iliyonse, Okutobala, Januwale, Epulo, ndikasinthe kuti ndizitengera pafupi ndi amayi anga. Ndinati zaka zinayi, muwerenge bwino, wa nsomba wanuyo anabwera chaka chatha. Palibe anaseka. Ndinasenza katundu wanga, ndinakakwera minibasi."